Mayi Pensulo ndi Mafomu Ofufutidwa

Ndisanayambe ndinene kaye zinthu ziwiri, kuopa kuti wina angadzandifunse pambuyo pake. Choyamba, sindinalembepo nkhani ya munthu. Zomwe ndinazolowera ndi malipoti, ndipo ngakhale malipotiwo ndimawawerenga kanayi ndisanawapereke. Chachiwiri, mayi amene ndikuwalembawa ndinawapempha chilolezo, ndipo ndinawawerengera zonse. Anakonza malo awiri. Pamalo achitatu tinatsutsana, ndipo ndikafikapo ndidzanena.

Tonse timawatchula kuti Mayi Pensulo. Dzina lawo lenileni lili m'mabuku a mu ofesi, koma mutalitchula pakhonde palibe angatembenuke, mwina ngakhale eni akewo. Ntchito yawo ndi yofunsa anthu mafunso a kafukufuku: kuyenda ndi mafomu, kupeza munthu, kumufunsa, kulemba yankho. Aigwira zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anawerengapo zimbudzi, njinga, ana osiya sukulu, amayi oyamwitsa, mpaka agalu olandira katemera. Ndi mayi wamfupi, woyenda mofulumira, wa nsapato zafulati zodyeka mbali yakunja. M'chikwama chawo chakuda mumakhala mapensulo atatu osongoledwa ndi lezala, ndipo pa kabolodi kawo kolembera pamalendewera kalabala komangidwa ndi ulusi. Anzawo onse anasamukira ku bolopeni kalekale. Iwo anati bolopeni imatha inki pakati pa funso, ndipo palibe anawaumiriza.

Sali pa ntchito yokhazikika. Ofesi yathu, yomwe imachita kafukufuku wa zaumoyo, ili ndi mndandanda wa anthu ofunsa mafunso, ndipo ntchito ikapezeka timaitana omwe ali pamenepo. Munthu akapezeka kuti wapeka mayankho, zomwe ife timati kudzaza mafomu pansi pa mtengo, dzina lake limachotsedwa, ndipo kalata imapita ku maofesi ena onse a ntchito ngati yathuyi. Zikatero ndiye kuti basi, sadzagwiranso fomu kwina kulikonse. Ndafotokoza zimenezi msanga chifukwa ndi zomwe zinatsala pang'ono kuwagwera Mayi Pensulo, ndipo kalatayo ndikanailemba ndi ine.

Ine ntchito yanga ndi ya masamu. Kwa anthu sindipitako. Mafomu akabwera amalowetsedwa m'kompyuta, ine n'kumawerengetsa.

Chaka chimenecho tinkafuna kudziwa ngati kukhala mwamuna kapena mkazi kumayenderana ndi kudziletsa zakudya, komwe ambiri amati kukhala pa dayeti. Tinasankha malo asanu ndi awiri a ntchito, aliwonse ndi wofunsa wakewake. Funso lenileni linali lachisanu ndi chinayi: "Kodi m'miyezi itatu yapitayi mwachepetsa kapena kusiya dala zakudya zina, pofuna kuchepetsa thupi kapena kusamala thanzi lanu?" Pansi pake panali timabokosi tiwiri, inde ndi ayi.

Mundilole ndifotokoze pang'ono za mayeso omwe timagwiritsa ntchito, otchedwa kai-sikweya. Mumajambula tebulo la zipinda zinayi: amuna a inde, amuna a ayi, akazi a inde, akazi a ayi. Kenako mumadzifunsa kuti, zikanakhala kuti kukhala mwamuna kapena mkazi kulibe nazo kanthu, m'chipinda chilichonse mukanagwa anthu angati? Mukatero mumayerekeza ndi omwe mwawapezadi. Kusiyana konseko kumasonkhanitsidwa kukhala nambala imodzi. Pa tebulo ngati lathuli, nambalayo ikapitirira 3.84 timati pali mgwirizano, sizinangochitika mwangozi. Ikachepera timati sitinapeze umboni. Sitinena kuti mgwirizano palibe, timangoti sitinaupeze. Ndikudziwa kuti kusiyanitsa kumeneku kumatopetsa anthu, koma sindingakusiye.

M'malo asanu ndi limodzi nambala inatuluka yoposa 20. Akazi ambiri anati inde, amuna pafupifupi onse anati ayi. Malo achisanu ndi chiwiri anali fakitale ya makatoni, komwe kunapita Mayi Pensulo. Kumeneko mwa amuna 120, a inde anali 54. Mwa akazi 80, a inde anali 40. Nambala inatuluka 0.48.

Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Poyamba ndinakayikira kompyuta, ndiye ndinawerengetsa pamanja. Kenako ndinakayikira olowetsa mafomu, ndiye ndinapita ku sitolo ya mapepala, chipinda chomwe timasungiramo mafomu, ndinatsitsa katoni ya mafomu a fakitale ija, n'kuyamba kulowetsanso ndekha. Pa fomu yachisanu ndi chitatu chala changa chinamva kuti pepala lakhakhala pamalo amodzi. Ndinalikweza pawindo. Pa bokosi la ayi panali pofufuta, chizindikiro chakale chikuonekerabe pang'ono, ndipo chatsopano chinali pa inde.

Ndinakweza mafomu onse a amuna, imodziimodzi, mpaka mkono unachita dzanzi. Ofufutidwa anali 36. Onse pa funso lomwelo, onse kuchoka pa ayi kupita pa inde. Nditabwezera mayankho akale nambala inalumpha kufika 28.6, kufanana ndi malo ena aja.

Abwana athu ndi munthu wosakonda nkhani zazitali. Ndinawaikira mafomu atatu patebulo, anakweza imodzi yokha.

"Pansi pa mtengo," anatero.

"Mwina, bwana. Kungoti wodzaza pansi pa mtengo safufuta. Amalemba kamodzi n'kupita."

"Ndiye kuti anadzaza, n'kuona kuti ma ayi achuluka, n'kuyamba kukongoletsa. Zaka makumi awiri munthu amaphunzira zambiri, zabwino ndi zoipa zomwe. Kodi mayiwa ndani anawayenderapo kumene amagwira ntchito?"

"Palibe, bwana. Timangowakhulupirira."

"Ndiye vuto lake limenelo. Lachisanu mundipatse tsamba limodzi. Anapeka kapena sanapeke. Musandilembere buku, ndimakudziwani."

Limenelo linali Lolemba. Tsiku lonselo ndinakhala ndikusanja zifukwa. Mwina maso ayamba kuvuta, amachonga bokosi lolakwika n'kukonza. Koma maso ovuta salakwitsa mbali imodzi yokha maulendo 36. Mwina anatopa, anapatsa wina mafomu kuti awadzazire. Mwina ali ndi mkwiyo wawo ndi amuna. Ndinafika mpaka potsitsa makatoni a kafukufuku wa zaka zam'mbuyo, ndipo m'mafomu awo ndinapezamo mofufuta mwina ndi mwina. Zomwe kale ndikanati ndi ukhondo wa munthu wosamala, tsopano zinkandioneka ngati mapazi a wakuba. Ndinakumbukiranso kuti mayiwa sabweza fomu yosatha ngakhale imodzi, ndipo zimenezo, zomwe tinkawayamikira nazo pamisonkhano, zinayamba kundinunkhira.

Lachiwiri masana ndinapita kwawo osawauza. Ndinachita dala. Amakhala m'zipinda ziwiri kuseri kwa shopu yowotcherera zitsulo, moti polankhula mumadikira kuti makina apume. Ndinawapeza ali patebulo ndi amuna awo, omwe anapuma pa ntchito yoyendetsa basi, ndipo aliyense amawatchulabe kuti a Dalaivala. Pakhoma panali chithunzi cha mwana wawo wamkazi atavala yunifolomu ya unesi, ndipo pawindo panali mapensulo m'kapu yothyoka chogwirira.

"Fikani, achimwene a masamu," anatero Mayi Pensulo, akukoka mpando. "Mwabwerera mafomu a ku makatoni."

Sindinali nditanena kanthu.

"Mwadziwa bwanji, mayi?"

"Inu kubwera kuno ndi nsapato zopolisha chonchi, mungabwerere tiyi? Ndinafufuta ndine. Musavutike n'kuzungulira."

Kuvomera msanga kumeneku sikunandikhazike mtima pansi. Munthu wosalakwa, ndinaganiza, amayamba wadabwa kaye.

"Musanandifunse," anapitiriza, "afunseni abambowa funso lachisanu ndi chinayi. Mukulidziwa pamtima."

Ndinachita manyazi, komabe ndinawafunsa, liwu ndi liwu monga lilili pa fomu. A Dalaivala anaika supuni pansi.

"Ine? Kudziletsa? Achimwene, ine ndayendetsa basi zaka makumi atatu, ndadya m'madepoti monse. Chilichonse chomwe sichinayambe kundiluma ine, ndimadya. Za dayetizo ndi za azimayi ofuna kukwana m'diresi la ukwati wa eni."

"Chongani ayi," anatero mayiwo kwa ine. Kenako anatembenukira kwa amuna awo. "Abambo, mchere uli kuti?"

"Uli m'chikwama cha apolisi, ndinu nomwe."

"Shuga munasiya liti?"

"Sindinasiye. Anandilanda."

"Lamlungu lija ndinapita kwa mwana, chikwama ndinachisiya pampando pomwepa. Munathira?"

A Dalaivala anayang'ana m'mbale mwawo, momwe munali masamba owiritsa ndi kansomba kopanda dontho la mafuta.

"Amake a nesi, mlendo wabwerera ntchito, si za m'mbale mwanga."

"Munathira?"

"Sindinathire. Ndikufuna kufa ine?"

Makina owotcherera anayambanso kulira, ndipo tonse tinadikira. Atapuma, Mayi Pensulo anafotokoza. Tsiku loyamba ku fakitale, kapitawo anawasonkhanitsira amuna pabwalo m'mawa, pamzere, iye ataima pambali ndi wotchi. Aliyense anayankha ayi, wina akumva za mnzake, ngati kwaya. Masana mayiwo anakakhala m'shedi yodyeramo n'kuona kuti amuna omwe anali pamzere aja theka lake mulibemo. Anawatsatira. Anawapeza m'makona, aliyense ndi kontena yake. Masiku otsatira anawafunsanso mmodzimmodzi, ndipo yemwe wasintha yankho ankamufufutira.

"Koma mayi, buku la malangizo limati yankho loyamba ndi lomwe limalembedwa."

"Limati musamuuze munthu yankho. Sindinawauze. Ndinangowafunsanso anzawo palibe."

"Limanenanso za yankho loyamba. Tsamba 14."

"Ndiye kuti tsamba limenelo analemba ndi munthu woti sanaimepo pamzere."

Tsamba limenelo ndinalemba ndine, koma sindinanene.

Pobwerera ndinali wokayika kuposa popita. Zokambirana za patebulo zija zinayenda bwino kwambiri, ngati sewero lomwe analichitapo kangapo. Ndiponso ndinaona kuti ndapeza chifukwa chomwe ndinkachisowa: mayi woti kunyumba amabisa mchere m'chikwama angathe kumaona amuna ake mwa mwamuna aliyense, n'kumachonga zomwe akukhulupirira, osati zomwe wamva. Sindikunyadira maganizo amenewa, koma ndi omwe ndinali nawo.

Njira inali imodzi, kukafunsa eni ake. Mafomu athu sakhala ndi mayina, amakhala ndi nambala, ndipo mayina amasungidwa padera mokhoma. Ndinalemba manambala 36 aja pa timapepala, ndinatiika m'kapu, n'kutolamo khumi nditatsinzina, kuti pasadzapezeke wonena kuti ndinasankha.

Lachitatu ndinafika ku fakitale cha m'ma 11 koloko. Ponseponse pankanunkha guluu, ndipo fumbi la mapepala linkalowa mpaka m'mano. Kapitawo analandira mndandanda wanga, anaimba likhweru, ndipo posakhalitsa amuna khumi anali ataima pamzere pafupi ndi pokwezera katundu. Iye anaima pambali ndi wotchi. Ndinaona ndithu kuti ndi mzere womwe uja mayi anaunena, koma ndinachita mantha kupempha chipinda, poti munthuyo anali atandichitira kale chifundo pondiimitsira ntchito.

Woyamba anali bambo wamkulu thupi, woyendetsa foloko, kagalimoto konyamulira mabelo. Anzake amamutchula kuti a Thanki. Nditawerenga funso, anadzimenya pamimba ndi manja onse awiri.

"Bwana, tayang'anani bwinobwino. Ili ndi thupi la munthu wa dayeti ili?"

Mzere wonse unafa nacho chiseko.

"A Thanki akayamba dayeti, kantini itsekedwa!" anakuwa wina kumapeto.

"Iwe khala chete, nkhope ngati katoni yonyowa," anabweza a Thanki. "Lembani ayi, bwana. Mulembe mwa zilembo zazikulu."

Onse khumi anati ayi. Nditafunsa ngati mayi wa mafomu anawafunsapo kachiwiri, anayang'anana, wina anakweza mapewa, ndipo kapitawo ndi amene anayankha.

"Kuno amafunsa kamodzi, bwana. Tilibe nthawi yofunsana kawiri."

Ndinalemba m'kabuku kanga kuti khumi mwa khumi akana. Ndiyenera kuvomera kuti ndinamva kupepukidwa. Nkhani inali yatha, nambala zagwirizana, tsamba limodzi la Abwana linali litadzilemba lokha.

Kenako belu la nkhomaliro linalira. Galimoto ya ofesi inali yoti idzanditenga 2 koloko, ndipo apa ndiyenera kuulula kanthu komwe sindinafune kuti kalowe m'nkhani ino. Miyezi isanu m'mbuyomo adokotala anali atandiuza kuti mafuta achuluka m'magazi mwanga. Kuyambira pamenepo akazi anga amandiikira chakudya m'kontena, chowiritsa chokhachokha, ndipo ku ofesi ndinkadyera ku sitolo ya mapepala, chitseko nditatseka. Anzanga akandiitanira ku kantini ndinkati ntchito yandichulukira. Choncho tsiku limenelo, ndili ndi kontena m'chikwama, sindinalowe m'shedi yodyeramo. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, komwe mabelo a makatoni anasanjikizidwa mpaka kudenga, ndikufuna pobisala.

Pakati pa mabelo awiri panali kampata. Nditalowamo ndinapeza a Thanki atakhala pansi, miyendo atatambasula, kontena ili pamiyendo. Munali kabichi wowiritsa ndi dzira limodzi. Pambali panali fulasiki ndi kapepala ka mapiritsi.

Tinayang'anana. Iwo anayang'ana kontena yomwe inali m'manja mwanga, ine ndinayang'ana yawo. Kubwerera kunali kosatheka, ndiye ndinakhala pa belo n'kutsegula yanga. Anasuzumiramo.

"Nanunso, bwana?"

"Nanenso."

"Bipi?"

"Mafuta m'magazi."

"Ine shuga," anatero, n'kuusa moyo. "Koma yanuyo bola, muli kankhuku. Alamu anu kunyumba amati nkhuku mpaka Loweruka."

Tinayamba kudya. Kenako analoza ndi supuni.

"Mayi a mafomu aja anandipeza pompano. Anakhala pa belo lomwe mwakhalapolo. Sanandifunse msanga ayi, anayamba atsegula kaye yawo, tinadya. Pomaliza ndiye anati, bambo, funso lija ndikufunseninso? Ndinati funsani. Nanga ndikanakana bwanji, kabichi ali pamiyendo?"

"Nanga bwanji mwandikanira pabwalo paja?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Pamaso pa a kapitawo? Akangomva kuti ndili ndi shuga andichotsa pa foloko, ati ndingachite chizungulire katundu ali m'mwamba. Andiika kosesa. Ndiye anyamata aja mwawamva nokha pakamwa pawo. Dzina lingasinthe tsiku lomwelo, kuchoka pa Thanki kufika pa Kabichi. Inu zomwe mwalemba pabwalo zisiyeni choncho. Izi ndakuuzani poti tadyera limodzi."

Munthu mmodzi si umboni. Ndinadziuza zimenezi kangapo m'galimoto, mwinanso pofuna kuteteza tsamba langa lomwe linali litatha kale. Lachinayi ndinabwereranso nthawi ya nkhomaliro, osadzera kwa kapitawo, kontena ili m'manja poyera. Asanu ndi anayi otsalawo ndinawapeza mmodzimmodzi: wina m'galimoto yakufa kuseri kwa mpanda, wina pansi pa masitepe, awiri m'chipinda cha jenereta atafulatirana. Asanu ndi awiri anavomera kuti anasiya zakudya zina, ndiponso kuti mayiwo anawafunsa kachiwiri. Mmodzi anakana kulankhula nane. Wotsiriza, bambo wowonda wa ku makina odulira, ananenetsa kuti iye sanasinthe yankho.

"Anangosuzumira m'kontena mwanga n'kulemba. Ine ndimadya zowiritsa chifukwa ndimazikonda."

Apa ndi pamalo achitatu paja. Mayi Pensulo akuti bamboyo anavomera ali pa mpopi akutsuka kontena, ndipo akuti ndichotse mawu akewo chifukwa ndi bodza. Ine pa mpopipo panalibe. Ndalemba zomwe anandiuza mwini wake, ndalembanso zomwe akunena mayiwo, ndipo sindikudziwa.

Madzulo a Lachinayi lomwelo, ndisanaweruke, ndinawaimbira foni. Ndinali ndi mfundo imodzi yomwe ndinkaiona kuti ndi yosayankhika.

"Mayi, asanu ndi atatu avomera. Koma pali vuto. Munafunsanso amuna okhaokha. Kumeneko ndi kukondera. Mukafunsa kawiri mbali imodzi, tebulo limapendekeka."

Anadikira kuti makina owotcherera aja apume.

"Achimwene, mafomu a azimayi munawakweza pawindo?"

Sindinawakweze. Masiku anayi onse ndinali ndikuyang'ana komwe kukayika kwanga kunandilozera, ndipo mulu wa akazi ndinali nditaubwezera m'katoni osaukhudza. Ndinathamangira ku sitolo dzuwa lisanachoke pawindo. Ofufutidwa anali 11, onse kuchoka pa inde kupita pa ayi. Ndinawaimbiranso.

"Azimayi pagulu aliyense ali pa dayeti," anatero. "Wina akati ndinasiya buledi, mnzake amati ine ndinasiya ndi batala yemwe. Masana muwapeze pa chipisi. Ndikawafunsanso paokha amaseka, amati mayi, ndimangofuna kuyamba, fufutani."

Nditabwezera mayankho oyamba a mbali zonse ziwiri, nambala inafika 50.5. Ya mayankho achiwiri inali 0.48 ija. Anthu omwewo, funso lomwelo, sabata yomweyo.

Lachisanu ndinapereka tsamba limodzi ndi theka. Ndinalemba kuti sanapeke, kuti anaphwanya malangizo a pa tsamba 14, kuti mwa anthu khumi asanu ndi atatu anawachitira umboni, mmodzi anakana kulankhula, mmodzi anawatsutsa. Abwana anawerenga ataimirira.

"Ndiye mukuti ndichite chiyani? Wosapeka koma wosamvera."

"Dzina lisachotsedwe, bwana."

"Nanga uyu wowatsutsayu?"

"Ameneyo sindingamufotokoze."

"Inu simufotokoza kanthu mpaka mutafunsa ndi agogo ake omwe." Anakhala pansi. "Mverani. Malo asanu ndi limodzi anafunsidwa kamodzi. Sitingasakanize ndi malo ofunsidwa kawiri. Mubwezere mayankho oyamba, poti akuonekabe. Dzina likhale. Koma kuyambira lero pensulo ndisaionenso m'nyumba muno."

Pa za kusasakaniza, Abwana ankanena zoona, ndipo ndikanakhala pampando wawo ndikanalamula chimodzimodzi. Komabe ndinawafunsa kuti, nanga ngati malo asanu ndi limodzi aja nawonso anafunsidwa pamzere? Ndiye kuti tebulo lathu likuyeza chiyani, zomwe anthu amadya kapena zomwe amanena anzawo akumva? Anati funso limenelo ndi la kafukufuku wina, ndipo palibe watituma. Ndinapempha ndime imodzi m'lipoti lalikulu yochenjeza owerenga. Anandipatsa mizere itatu kumapeto, pansi pa tebulo lomaliza. Lipotilo linatuluka likunena kuti pali mgwirizano wamphamvu pakati pa kukhala mwamuna kapena mkazi ndi kudziletsa zakudya. Dzina langa lili pachikuto. Masamu ake ndi olondola, ndinawawerengetsa kanayi. Koma ndikaliona pashelefu ndimaliyang'ana momwe ndinkayang'anira mafomu aja pawindo.

Patapita miyezi iwiri tinaitana anthu a pamndandanda kudzaphunzira za kafukufuku wina. Mayi Pensulo anafika m'mawa kwambiri monga mwa masiku onse, n'kukhala kutsogolo, chikwama pamiyendo. Ine ndi amene ndinkagawa zipangizo. Nditafika pa iwo ndinawapatsa mabolopeni awiri, ndipo ndinalephera kuwayang'ana kumaso. Anamasula kalabala kaja pa kabolodi, anakakulunga ndi ulusi wake, n'kukaponya m'chikwama.

"Ndalandira, achimwene. Musade nkhawa, sindidzafufutanso."

"Zikomo, mayi."

"Ndizingoyamba ndadya nawo kaye. Kulemba pambuyo. Tsamba 14 likuletsa zimenezo?"

Ndinaganiza mofatsa, chifukwa sindinkafuna kuwayankha zolakwika.

"Silikunenapo kanthu."

"Basi."

Ndinkati ndidutse, koma anandikoka mkono wa malaya n'kutsitsa mawu.

"Paja pophunzira za dayeti tinkayeserera pa inu a mu ofesi. Amene anakufunsani inu ndine. Mukukumbukira munayankha chiyani?"

Ndinkakumbukira.

"Fomu imeneyo sindinaifufute, poti inali yongophunzirira. Koma masana ake ndinakuonani mukulowa ku sitolo ndi kontena."

Anatsegula bolopeni, anaiyesa pachikhatho kuti aone ngati ikulemba, n'kulemba dzina lawo pa pepala la obwera, mzere woyamba.